Chotupa cha m'bere sichidikira ndalama za fodya

Amene mumakwera minibasi za ku Namitete ndi ku Mchinji mwina mudawagulapo tomato mayi anga aang'ono osadziwa. Ankakhala m'mbali mwa msewu pa Mpingu, beseni patsogolo, chitenje m'chiuno, ndipo sankalola kasitomala kuchoka wopanda basela. Bambo a kunyumba kwawo adatsogola kalekale. Ana anayi adawalera okha ndi geni ya tomato ndi mtedza, osapempha munthu.

Mu Januwale 2022, akusamba, adamva kanthu kolimba m'bere lakumanzere, kukula kwake ngati nzama imodzi. Sikankapweteka, ndiye iwo adati chosapweteka si matenda. Komanso paja Januwale kumudzi ndi mwezi woipa: nkhokwe yayera, geni yafooka, kandalama kalikonse kakupita ku ufa. Adadziuza okha kuti za chipatala adzaziona mwana wawo woyamba akagulitsa fodya ku Kanengo.

Fodya adagulitsidwa, ndipo mu Juni adapitadi pa kachipatala kena kamene sinditchula dzina lake. Kumeneko adawafunsa mafunso awiri n'kuwalembera mapiritsi opha ululu ndi makapisozi. Bere lenilenilo palibe adaligwira. Patatha mwezi adabwereranso, adalandiranso makapisozi omwewo. Ataona kuti zachizungu zakanika adapita kwa sing'anga, yemwe adawatema mphini kuzungulira bere lonse n'kutenga mbuzi.

Nkhaniyi idaululika mu Disembala pomwe mayi anga ondibala adapita kumudzi kukaona abale. Adawapeza mng'ono wawoyo akusintha zovala m'nyumba, ndipo zomwe adaona zidawakhalitsa pansi. Adandiimbira foni usiku womwewo. M'mawa mwake ndidali pa Mpingu.

"Amayi, chaka chathunthu osanena?" ndidafunsa.

"Mwanawe, za m'bere n'kumauza mwana wamwamuna? Komanso iwe uli ndi mavuto ako m'taunimo. Ine ndimati kaphwa kokha."

Tidapita nawo ku Kamuzu Central. Madokotala adachita mbali yawo: adawayeza, adadula kanyama kukaunika, ndipo mu Januwale 2023 adatiuza kuti ndi khansa, yafika kale m'khwapa. Adalandira mankhwala a m'dilipi, bere lidachotsedwa, tsitsi lidathothoka n'kumeranso. Tidayamba kusekanso pakhomo. Koma matenda adali atayala kale mizu. Tidawaika m'manda mu Seputembala 2024, ali ndi zaka 47.

Sindikulemba izi kuti mundipepese, maliro tidakhuza kale. Inenso si dokotala. Ku yunivesite ndidachokako chaka chachiwiri chisadathe, ndipo pepala ndilibe. Koma miyezi yomwe ndidakhala pa mabenchi a chipatala idandionetsa chinthu chimodzi, ndipo ndicho ndikufuna tikambirane lero. Chomwe chikutha amayi athu si kusowa kwa mankhwala kokha ayi. Ambiri akutayika panjira, pakati pa tsiku lomwe adamva kachotupa ndi tsiku lomwe munthu wodziwa adakagwira. Ndipotu pa Mpingu si patali, minibasi sitha ola kuti ifike mu Lilongwe. Nanga mayi wa mkati mwa Kabudula, Nsaru kapena Nambuma, komwe mvula ikagwa ndi akabaza omwe amakana ulendo?

Chipatala n'chaulere, njira yake si yaulere

Anzathu olembedwa ntchito m'makampani ndi m'mabanki ali ndi khadi la MASM kapena la inshuwalansi ina. Akamva kachotupa Lolemba, Lachitatu ali kale pa sikani ku chipatala cholipira, bilu n'kupita ku kampani. Mayi wa tomato alibe khadi. Dziko lathu lilibe inshuwalansi ya zaumoyo yofikira aliyense. Chomwe tili nacho ndi lonjezo loti m'zipatala za boma sitilipira.

Lonjezo limenelo ndi labwino ndipo tisalinyoze. Koma tiyeni tiwerenge monga anthu a geni. Kuti mayi adziwe chomwe chili m'bere mwake sayenda ulendo umodzi. Woyamba ndi wa ku chipatala chaching'ono kukatenga kalata. Wachiwiri ndi wokaonana ndi madokotala a opaleshoni ku Central. Kenako sikani, kenako kudula kanyama, kenako kukamva zotsatira. Ulendo uliwonse ndi wa anthu awiri, poti wodwala sayenda wopanda gadiyani. Onjezanipo kabaza wochokera kumudzi kufika pamsewu, chakudya chapanjira, ndi tomato amene akuwola m'beseni tsiku limenelo chifukwa palibe womugulitsa. Kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kuchepetsedwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya minibasi sidatsalire m'mbuyo. Mtengo wa mulu wa tomato ndiwo udachita kukwawa.

Kumadzulo kuno kuli chipatala cha St Gabriel ku Namitete, chomwe masisitere ochokera ku Luxembourg adachiyambitsa mu 1959, ndipo anthu amachikhulupirira. Koma poti ndi cha mishoni, cha m'bungwe la CHAM, pamafunika kangachepe. Kuyambira mu 2006 boma lakhala likugwirizana ndi zipatala za CHAM kuti lizilipirira chithandizo china, makamaka cha amayi oyembekezera ndi makanda. Mayi wapakati wapeza pothawira. Nanga mayi wa chotupa cha m'bere athawire kuti?

Ndiye mayi amakhala pansi n'kuchita masamu ake. Mbali iyi kuli kanthu kosapweteka. Mbali inayo kuli ufa, sopo, fizi ya mwana wa Fomu 3 ndi ngongole ya ku banki m'khonde. Amasankha chomwe aliyense wa ife akadasankha. Mawu aja oti "kaphwa kokha" si umbuli nthawi zonse, abale anga. Nthawi zina ndi bajeti.

Matenda omwewo, mapeto osiyana

Khansa ya m'mawere si ya azungu kapena ya amayi olemera okha monga ena amanenera. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO lidati mu 2022 amayi 2.3 miliyoni adapezeka nayo, ndipo 670,000 adamwalira. Kuno kwathu ili m'gulu la khansa zotsogola pakati pa amayi, kumbuyo kwa ya khomo la chiberekero.

Chowawa ndi kusiyana kwa mapeto ake. Bungwe lomwelo limati m'maiko olemera amayi oposa 90 mwa 100 alionse amakhala adakali moyo patatha zaka 5 chiwapezereni ndi matendawa. Ku India ndi 66, pomwe ku South Africa ndi 40. Bere ndi lomwelo, matenda ndi omwewo. Kusiyana kwake n'kwakuti uko amaipeza ikadali kanjere, ndipo chithandizo chimatsatira msanga. Kuno ofufuza a pa Kamuzu Central akhala akulemba kuti amayi ambiri amafika matenda ali kale pa siteji 3 kapena 4, kutanthauza kuti chotupa chakula kwambiri, chagwira m'khwapa, kapena khansa yayenda mpaka m'mapapo, m'chiwindi ndi m'mafupa.

Zizindikiro zake mayi aliyense, ndi bambo yemwe, azidziwe ngati mtengo wa sopo. Chotupa cholimba m'bere, makamaka chosapweteka. Mwanabere wa m'khwapa wosaphwa. Nsonga ya bere kulowa mkati pomwe kale sidali choncho. Magazi kapena timadzi tachilendo kutuluka kunsongako. Khungu la bere kuchita timaenje ngati khoko la lalanje. Bere limodzi kusintha kukula kapena maonekedwe. Bala losapola.

Mukaona chimodzi mwa izi musayambe kugawa katundu ayi. Zotupa zambiri za m'mawere, pafupifupi 9 mwa 10, si khansa. Vuto n'lakuti chala cha mwiniwake sichingasiyanitse, cha sing'anga sichingasiyanitsenso. Amasiyanitsa ndi a chipatala, pounika ndi sikani komanso poyeza kanyama ku labotale.

M'misika yathu ndamva zambiri. Ena amati khansa imabwera chifukwa chosunga ndalama kapena foni m'kamisolo. Palibe umboni wa zimenezo. Ena amati ndi mwana amene adageyera pa bere poyamwa, ena amati ndi mnzako wa geni wansanje wakuponyera. Zomwe madokotala akudziwa ndi izi: chiopsezo chimakula ndi zaka, chimakulanso ngati mayi ako kapena mchemwali wako adadwalapo, komanso ndi mowa ndi kunenepa kwambiri. Kuyamwitsa kumachepetsako chiopsezo, koma sikutchinga kotheratu. Mayi anga aang'ono adayamwitsa ana anayi. Pafupifupi theka la amayi odwala matendawa alibe chifukwa china choloza kupatula kuti ndi amayi ndipo zaka zapitako. Abambonso amadwala, ngakhale ndi ochepa, pafupifupi mmodzi mwa odwala 100.

Bodza loopsa kuposa onse ndi loti mpeni ukakhudza khansa ndiye imafalikira. Ndikumvetsa komwe lidachokera. Anthu amaona mayi wapita ku opaleshoni, patapita miyezi wamwalira, n'kumati mpeni wamupha. Chamupha ndi chaka chija adakhala kunyumba. Amayi omwe adachitidwa opaleshoni msanga ali m'misika momwemu akugulitsa kaunjika, kungoti sayenda ndi chikwangwani.

Tidikire makina?

Mwezi wa Okutobala ukafika m'tauni mumadzaza malaya apinki ndi maulendo a ndawala. Sindikunyoza. Malemu Blandina Khondowe, yemwe adali Miss Malawi mu 2002 ndipo adayambitsa Think Pink Malawi atapezeka ndi matendawa, adathandiza kwambiri kuti mawu oti bere azitchulidwa pagulu anthu osaseka. Adatisiya mu 2020. Ntchito yomwe yatsala ndi yoti uthengawo uchoke m'misewu ya tala ukafike pa mjigo ndi pa chigayo.

Pa misonkhano yotereyi mawu amene amamveka kwambiri ndi oti mammogram. Awa ndi makina a X-ray ounikira mawere, omwe amatha kuona kachotupa dzanja lisadayambe kukamva. Ndi abwino ndithu. Koma ndi odula, amafuna magetsi odalirika ndi katswiri wowerenga zithunzi zake, ndipo kuno alipo owerengeka, m'mizinda ikuluikulu. Komanso amaona bwino mwa amayi a zaka 50 kupita m'tsogolo, pomwe kuno odwala ambiri ndi ocheperapo msinkhu, monga mayi anga aang'ono aja. Tikati tidikire kuti makinawa afike pa Nsaru ndi pa Nambuma, tiika amayi ambiri m'manda tikudikira.

Tsono kodi palibe china? Chilipo, ndipo chidayesedwa mu Lilongwe momwemuno. Mu 2015 ofufuza a UNC Project adaphunzitsa amayi wamba 4, osati anamwino, kuyeza mawere ndi manja komanso kuphunzitsa anzawo za matendawa. Adawaika m'zipatala za mumzinda momwe amayi amabwera kale pa zifukwa zina. Mwa amayi 1,220 omwe adapemphedwa, 1,000 adavomera kuyezedwa. Amayi 7 mwa 100 alionse adapezeka ndi chokayikitsa n'kutumizidwa kwa dokotala. Ambiri mwa omwe adakana sadanene za manyazi kapena mwambo, adati alibe nthawi. Mwamva inu a geni? Amayi athu sakana kuyezedwa. Chomwe sangakwanitse ndi kutaya tsiku lathunthu.

Kunja nakonso umboni ulipo. Mumzinda wa Mumbai ku India, madokotala a chipatala cha Tata Memorial adatsatira amayi oposa 150,000 a m'makomboni kwa zaka 20. Theka la iwo linkayezedwa mawere ndi manja zaka ziwiri zilizonse ndi amayi anzawo ophunzitsidwa, omwe sukulu adalekezera ku sekondale. Zotsatira zake zidatuluka mu 2021. Khansa inkapezeka msanga, ndipo mwa amayi a zaka 50 kupita m'tsogolo imfa zidatsika ndi pafupifupi 30 peresenti. Popanda makina a mamiliyoni. Manja ophunzitsidwa, ndi chipatala chokonzeka kulandira omwe apezeka ndi vuto.

Mfundo yachiwiriyo tisaiphonye. Kupeza chotupa kenako n'kumuuza mayi kuti "pitani ku Central" osadziwa ngati ali ndi ya minibasi, ndi kumupatsa mantha aulere basi.

Masiku 60

Mu 2021 bungwe la WHO lidakhazikitsa ndondomeko yolimbana ndi khansa ya m'mawere padziko lonse. Ili ndi miyendo itatu ngati mafuwa. Woyamba: odwala 60 mwa 100 alionse azipezeka matenda akadali pa siteji 1 kapena 2. Wachiwiri: kuchokera tsiku lomwe mayi wafika koyamba kuchipatala ndi chotupa, pasadutse masiku 60 asadadziwe ngati ndi khansa kapena ayi. Wachitatu: odwala 80 mwa 100 alionse azimaliza chithandizo chonse osalekezera panjira. Cholinga chake n'choti imfa zizitsika ndi 2.5 peresenti chaka chilichonse mpaka 2040.

Ine ndidatenga kabuku ka kuchipatala ka mayi anga aang'ono n'kuwerenga. Kuchokera Juni 2022, pomwe adalandira makapisozi oyamba, kufika Januwale 2023, pomwe tidamva zotsatira, padadutsa masiku oposa 200. Apa sindidawerengere miyezi isanu ija adadikira fodya.

Tisaname kuti palibe chomwe chasintha m'dziko muno. Mu 2011 pa Kamuzu Central padatsegulidwa labotale yoyezera tinyama ta zotupa, mogwirizana ndi a UNC Project. Kwa zaka zambiri odwala ofunika kuwotchedwa ndi makina a radiotherapy ankayenera kupita kunja, ku Lusaka, ku Tanzania kapena ku India, ndipo ambiri adamwalira dzina lili pa mndandanda. Mu 2024 chipatala china cholipira ku Blantyre chidayamba kupereka chithandizochi, ndipo mu 2025 yemwe adali mtsogoleri wa dziko lino panthawiyo, Lazarus Chakwera, adatsegulira chipatala cha boma cha khansa pa Kamuzu Central. Chimenecho n'chinthu chachikulu. Koma makina, kaya akhale odula bwanji, sangabweze chaka chomwe chatayika kumudzi. Tamanga nkhokwe yabwino, makwerero ake ndiwo tidaiwala.

Zisanu zosalira ndege ya kunja

A Unduna wa Zaumoyo, a ofesi ya zaumoyo ya boma la Lilongwe ndi aphungu a madera a kumadzulo kuno, nazi zinthu zisanu zomwe sizikufuna kudikira thandizo la kunja.

Choyamba, kuyeza mawere kuchitike komwe amayi ali kale. Kuyambira mu 2004 dziko lino lili ndi ndondomeko yoyeza khomo la chiberekero ndi viniga, ndipo zipinda zake zili m'zipatala zambiri. Mayi walowa kale, chitseko chatsekedwa kale, namwino ndi wamkazi mnzake. Kugwira mawere n'kwa mphindi zochepa. M'malo ena zikuchitika, koma zikhale chizolowezi paliponse: ku zakulera, ku sikelo ya ana ndi kolandirira ma ARV.

Chachiwiri, chotupa chilichonse cha m'bere chigwiridwe ndi dzanja, chilembedwe m'kabuku ka kuchipatala pamodzi ndi deti lake. Mayi woyamwitsa amene bere latupa ndi mafinya apatsidwe makapisozi, palibe vuto. Koma akabweranso chotupa chisadaphwe, chomwe akufunika ndi kalata yopita ku chipatala chachikulu, osati makapisozi ena.

Chachitatu, alangizi a zaumoyo omwe amadziwa khomo lililonse m'mudzi aziuzidwa za mayi aliyense wotumizidwa, kuti akapanda kupita pakhale womufunsa chomwe chamutsekereza. Pa chifuwa chachikulu ndi pa ma ARV timalondola anthu mpaka kunyumba. Chikuletsa n'chiyani pa khansa?

Chachinayi, kanyama kayende, mayi akhale. Magazi a anthu omwa ma ARV akhala akuyenda pa njinga zamoto kuchoka m'zipatala zazing'ono kupita ku labotale, zotsatira n'kubwerera komweko. Madokotala a ku Namitete ndi ku Kabudula atapatsidwa maphunziro ndi zida zotengera kanyama, maulendo asanu aja angatsike kufika pa awiri. Zotsatira nazo zikatuluka mayi aimbiridwe foni yomuitana, m'malo moti aziyendera zinthu zomwe sizidatuluke.

Chachisanu, mgwirizano wa boma ndi CHAM utchule poyera kuti kuyeza mawere, sikani ndi kutenga kanyama n'zaulere kwa mayi wa m'deralo. Aphungu amene mumapezeka pa maliro alionse ndi bokosi, funso ili mukalifunse ku Nyumba ya Malamulo.

Inshuwalansi yawo ndi ife

Tsono tisangoloza boma chala, zala zitatu zikuloza ife tomwe. Inu amene mukuwerenga tsamba lino muli pa benchi yanu ku Tsoka, ku Wakawaka, ku Nsungwi kapena ku Mchesi. Ena muli m'kalasi ku Bunda kapena ku sukulu ya anamwino. Pafupifupi aliyense wa ife ali ndi mayi, azakhali kapena mlamu kumudzi. Amayi amenewo alibe khadi la MASM. Khadi lawo ndi nambala ya foni yanu.

Ife Amalawi pa maliro sitichedwa. Uthenga ukangofika, m'maola awiri ndalama ya bokosi yasonkhedwa, lole yapezeka, matumba a ufa akwezedwa. Pafupifupi msika uliwonse uli ndi komiti yosonkhetsa chipepeso, ndipo banki m'khonde iliyonse ili ndi kathumba ka zadzidzidzi. Ine ndemwe ndidasonkhetsa ya bokosi la mayi anga aang'ono tsiku limodzi lokha. Ndalama imeneyo ikadakwana maulendo onse a ku Central mu Januwale 2022, n'kutsalako. Bwanji makomiti athuwa osaika lamulo loti membala kapena mayi wa membala akapezeka ndi chotupa, ya thiransipoti ituluke tsiku lomwelo popanda chiwongoladzanja? Tizisonkha munthu akadali ndi mpweya.

Ophunzira, holide ikubwerayi musangopita kukatenga ufa ndi mtedza. Ngati ndinu mwana wamkazi, khalani pansi ndi mayi anu muwafunse mosapsatira. Ngati ndinu mwana wamwamuna ngati ine, ndikudziwa kuti pakamwa pamalemera. Tumani mchemwali wanu, mkazi wanu kapena azakhali. Mwambo wathu uli ndi njira zake zofikitsira nkhani zovuta, ndi chifukwa chake tili ndi ankhoswe ndi anamkungwi. Mbewa ya manyazi idafera kuuna, ndipo kwathu manyaziwo adali a tonse, osati a malemu okha. Ine chaka chonse chija ndinkaimba foni n'kufunsa za mvula ndi za mbuzi. Za m'thupi sindidafunsepo.

Abambo, mawu awiri. Amayi ambiri amabisa chotupa poopa kuti bere likachotsedwa banja latha. Pa mabenchi aja ndidaona amayi operekezedwa ndi achemwali awo, ana awo, ngakhale anzawo a kutchalitchi. Amuna ndinkachita kuwawerenga ndi zala. Mudakwatira munthu, simudakwatire bere. Ndipo nthawi zambiri woyamba kumva kuti m'bere muli kanthu ndi inu nomwe. Mukakamva, nenani, ndipo ya minibasi itulukire m'thumba mwanu.

Amayi a pamsika, dziwani mawere anu monga mudziwira katundu wanu. Kamodzi pamwezi, masiku ochepa mutatha kusamba kwa kumwezi, agwireni ndi zala zitatu mozungulira mpaka m'khwapa. Mukapeza chachilendo musiyireni mnzanu benchi m'mawa umodzi. Mukafika kuchipatala nenani poyera kuti mwabwerera chotupa cha m'bere ndipo mukupempha kuti akuyezeni. Akakupatsani mapiritsi okha, chotupa osaphwa, bwereraninso mukapemphe kalata. Kumeneko si mwano, ndi moyo wanu. Pakadafunda padajiwitsa.

Mu Malichi 2025 foni yanga idalira m'bandakucha. Adali mchemwali wanga, mwana wachitatu wa malemu aja, wa zaka 24.

"Achimwene, pepani ndakudzutsani. Ndamva kanthu m'bere dzulo usiku."

Mawu ake ankanjenjemera. Sindidafunse zambiri. Ndidamutumizira ya minibasi pa foni nthawi yomweyo, ndipo dzuwa lisadafike pamutu adali atafika mu Lilongwe, mkazi wanga akumudikira pa depoti. Adayezedwa, adaunikidwa ndi sikani, adatengedwa kanyama. Masabata odikira zotsatira adali aatali, nsima sinkatsika. Zitatuluka adatiuza kuti si khansa, ndi chotupa wamba chomwe chimakonda atsikana a msinkhu wake. Ndalama yonse yomwe tidaononga sidafike ngakhale theka la mtengo wa bokosi la mayi ake.

Lero ndiye amakhala pamalo paja pa Mpingu, ndi beseni lomwe lija. Mukadutsa mugule tomato, basela adakalipo. Koma musadikire ulendo umenewo kuti mukumbuke nkhaniyi. Madzulo ano mukatseka geni, imbani foni kumudzi. Za mvula ndi za mbuzi mufunse pomaliza.